Matebulo a Kumapeto kwa Holo

Pa mpikisano wa chesi, oonerera amaunjikana kutsogolo, kumene kuli bolodi loyamba ndi lachiwiri. Kumeneko ndi kwa akatswiri, ndipo atolankhani akabwera amajambula komweko n'kumapita. Koma holo ndi yaitali. Mukayenda mpaka kumbuyo, kufupi ndi chitseko chimene chimangolira anthu akamalowa ndi kutuluka, mupeza matebulo a aphunzitsi, makalaliki, madalaivala, ana a sukulu ndi madala opuma pa ntchito. Palibe mwa iwo amene amadyera chesi. Ambiri adzilipirira okha ya minibasi ndi yolembetsera, ndipo Lolemba m'mawa ali ku ntchito. Komatu masewero ambiri a chesi pa dziko lapansi amachitikira pa matebulo amenewa, ndipo wofuna kumvetsa masewerowa aphunzira msanga kuno kuposa kutsogolo. Akatswiri amalakwa pang'ono kwambiri, moti maso athu saona pamene zinthu zathyokera. Kumbuyo kuno zonse zili poyera: msampha, dyera, kutayirira, mantha, ndi wotchi imene sidikira munthu.

Tiyerekeze kuti taima pa tebulo limodzi lotere. Anthu ake sitiwatchula mayina, chifukwa otere amapezeka pa mpikisano uliwonse. Mbali ya zida zakuda kuli bambo wa zaka za m'ma 40, mphunzitsi wa masamu, amene wasewera chesi kuyambira ali mnyamata. Mbali ya zoyera kuli mtsikana wa folomu 3, wa zaka 16. Pa pepala limene lamatidwa pa khoma, pambali pa dzina la bamboyo palembedwa 1780. Pambali pa dzina la mtsikanayo, 1620. Onse awiri aiwerenga kale nambala ya mnzawo asanakhale pansi, ndipo masewero ayamba kale m'mitu yawo.

Nambala ya pa khoma

Nambala imeneyi ndi rating, ndipo amene anaikonza anali munthu wa matebulo ngati omwewa. Arpad Elo anabadwira ku Hungary mu 1903, anakulira ku America, ndipo ntchito yake inali yophunzitsa physics pa yunivesite ya Marquette mu mzinda wa Milwaukee. Chesi ankasewera pambali pa ntchito, ngakhale ankaitha ndithu: anakhalapo katswiri wa chigawo cha Wisconsin kasanu ndi katatu. Bungwe la chesi la ku America linayamba kugwiritsa ntchito njira yake mu 1960, ndipo FIDE, bungwe loyendetsa chesi pa dziko lonse, linaitenga mu 1970.

Maganizo a Elo ndi osavuta. Nambala ya munthu mmodzi payokha sinena kanthu. Chimene chimalankhula ndi kusiyana kwa nambala ziwiri. Anthu akasiyana ndi mapointi 100, wapamwambayo amayembekezeka kutenga 64 peresenti ya zigoli akasewera kambirimbiri. Akasiyana ndi 200, amatenga 76 peresenti. Awiri athuwa asiyana ndi 160, ndiye kuti bamboyo akuyembekezeka kutenga 71 peresenti, mtsikanayo 29. Tsono taonani bwino: 29 si ziro. Nambalayi ikuvomereza yokha kuti pa masewero khumi alionse, pafupifupi zigoli zitatu ndi za mtsikanayo. Chimene siinena ndi tsiku lake. Anthu ambiri a rating yapamwamba amaiwala zimenezi, amaitenga nambala yawo ngati chiphaso chopambanira, ndipo a rating yotsika nawonso amagonja asanagwire chida chilichonse.

Masewero akatha, kusiyana kwa zimene zachitika ndi zimene zinkayembekezeka amakuchulukitsa ndi nambala ina yotchedwa K. Kwa munthu wamkulu amene sanafikepo 2400, K ndi 20. Kwa mwana wosakwana zaka 18 amene ali pansi pa 2300, K ndi 40, chifukwa ana amakula msanga m'masewero ndipo nambala yawo iyenera kuthamanga kuti iwapeze. Choncho bamboyo akapambana lero awonjezera mapointi 5.8 okha. Akalepherana, ataya 4.2. Akagonja, ataya 14.2. Mphunzitsi wa masamu akuzidziwa bwino zimenezi, ndipo katundu amene wasenza ndi wolemera kuposa wa mwanayo.

Palinso china chimene chimavutitsa osewera achikulire kwathu kuno. Mipikisano yowerengedwa ndi FIDE ikamachitika patalipatali, rating ya mwana imatsalira m'mbuyo pamene mwiniyo akupita patsogolo usiku uliwonse pa foni, pa Lichess kapena Chess.com. Wa 1620 pa pepala akhoza kukhala wa 1800 m'mutu. Vutoli silili ku Malawi kokha. Linakula m'maiko ambiri mpaka mu March 2024 FIDE inakweza rating ya aliyense amene anali pansi pa 2000, moti wa 1500 anadzuka ali wa 1700, ndipo nambala yotsikitsitsa inakhala 1400. Kuti muone kutalika kwa makwerero: udindo wa Grandmaster umafuna 2500, ndipo Magnus Carlsen wa ku Norway anafika 2882 mu 2014. Kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, woyamba kukhala Grandmaster anali Amon Simutowe wa ku Zambia. Koma a makwerero apansi nawonso ali ndi ulemerero wawo. FIDE imachititsa mpikisano wa dziko lonse wa osewera osakhala akatswiri, m'magulu a pansi pa 2300, pansi pa 2000 ndi pansi pa 1700, ndipo mpikisano wotere wa mu Africa anaupambanapo Mmalawi, Chiletso Chipanga, mu 2018 ku Livingstone.

Msampha wakale

Woyang'anira mpikisano walengeza kuti mafoni onse azimitsidwe ndipo asakhale m'thumba. Lamuloli si lamasewera: mu 2003 ku Plovdiv, Ruslan Ponomariov, amene panthawiyo anali katswiri wa dziko lonse wa FIDE, anagonja foni yake italira. Aliyense ali ndi mphindi 90 pa wotchi, ndipo akasuntha n'kudina batani amawonjezeredwa masekondi 30. Aliyense ali ndi pepala lolembapo muvu iliyonse, yake ndi ya mnzake. Chida ukachigwira, uyenera kuchisuntha. Amene anazolowera bawo la pansi pa mtengo, kumene oonerera amalangiza mokuwa ndi kuseka wodyedwa, amadabwa ndi bata la muno: woonerera akangotsokomola moloza bolodi, amatulutsidwa.

Apatsana moni wa m'manja, ndipo mtsikanayo wakankha pawn wa kutsogolo kwa mfumu. Timabokosi ta bolodi tonse 64 tili ndi mayina, chilembo kuyambira a mpaka h ndi nambala kuyambira 1 mpaka 8, ndipo zida zimalembedwa ndi zilembo zazikulu: K mfumu, Q mfumukazi, R rook, B bishopu, N hatchi. Amene ali ndi bolodi pafupi aliyale, chifukwa zotsatirazi zimakoma kuziona ndi maso.

1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bb5 a6 4.Ba4 d6. Kutsegula kumeneku kumatchedwa Ruy López, dzina la wansembe wa ku Spain amene analemba za iko mu 1561. Mtsikanayo akusuntha mwachangu, zikuoneka kuti anaziloweza. 5.d4 b5 6.Bb3 Nxd4 7.Nxd4 exd4. Apa pawn wakuda waima yekha pa d4, wopanda womuteteza, pamaso penipeni pa mfumukazi yoyera. Mwanayo sanaganize ngakhale mphindi imodzi. 8.Qxd4.

Bamboyo sanasinthe nkhope, koma wakhala tsonga. 8...c5, kuthamangitsa mfumukazi. Mtsikanayo wapeza 9.Qd5, ndipo kwa kanthawi akuganiza kuti wapambana ndi iye, chifukwa mfumukazi ikuopseza zinthu ziwiri nthawi imodzi: kudya rook wa pa a8, ndi kupha mfumu pa f7. Koma 9...Be6 yatseka zonse ziwiri, yatchinga njira ya ku f7 ndipo yatsegulira mfumukazi yakuda kuti iteteze rook. 10.Qc6+ Bd7 11.Qd5 c4. Tsopano yang'anani bishopu wa pa b3. Kumbuyo kwake, pa a2 ndi pa c2, kwaima ma pawn a mbali yake yomwe. Akapita pa a4, pawn wa pa b5 amudya. Akadya wa pa c4, pawn yemweyo amudyanso. Wafera m'khola.

Msampha umenewu amautcha wa chombo cha Nowa. Wagwira anthu osawerengeka, ndipo si ana okha: mu 1929 ku Budapest, katswiri wa ku Hungary Endre Steiner anagweramo momwemu posewera ndi José Raúl Capablanca, amene anali katswiri wa dziko lonse kuyambira 1921 mpaka 1927. Mankhwala ake analipo pa muvu ya 8: kuyamba wachotsa bishopu ndi 8.Bd5, kapena kupereka pawn ndi 8.c3. Chimene chamupha mwanayo si umbuli. Anadziwa muvu zisanu ndi ziwiri za m'buku, ndipo dzanja linapitiriza liwiro lomwelo pamene buku linali litatha. Ndi matenda a osewera ambiri a msinkhu uwu: amaloweza njira osafunsa chifukwa chake.

Watola zimene akanatha kutola, 12.Bxc4 bxc4 13.Qxc4. Wataya bishopu, wapeza ma pawn awiri. Mwa kawerengedwe ka masiku onse bishopu ndi ma pawn atatu, ndiye watsalira ndi mmodzi. Koma pamene bolodi likadali lodzaza chonchi, chida chathunthu chimalemera kuposa pamenepo. Pa bolodi loyamba, kutsogolo kuja, masewero otere amakhala atatha. Katswiri akapatsidwa bishopu samubweza.

Pano sanathe, ndipo ichi n'chifukwa chake ndimakonda matebulo a kumbuyo. Bamboyo waimirira, wapita kukamwa madzi, wazungulira kuonerera masewero a anzake. Akabwerera akupeza mwana akadali chigwirire mutu ndi manja awiri, zala zili m'makutu. Mtsikanayo watha mphindi 20 pa muvu imodzi. Sakufuna kusinthanitsa zida, chifukwa wotsalira akamasinthanitsa ndiye kuti akudzikumbira manda. Akubisa mfumu yake, akutulutsa hatchi yotsalayo, akuika ma rook pa mizere yotseguka, akuloza pawn wofooka wa pa d6. Muvu iliyonse ikufunsa kafunso kakang'ono. Bamboyo akuyankha mosaganiza kwambiri, poti wapambana kale. Kenaka pofika cha m'ma muvu 20 akuzindikira kuti zida zake zapanikizana, mfumu yake inachedwa kuchoka pakati, ndipo njira yomalizira masewero sakuiona. Apa ndi pamene akuyamba kuganiza, ndipo akuganiza mopitirira. Munthu amene akudziwa kuti ayenera kupambana amaopa muvu iliyonse, chifukwa iliyonse ikhoza kukhala imene itaye chuma chake. Mphindi 15 apa, mphindi 12 apo. Wotchi imene inali ya mwanaalirenji yatsala ndi mphindi zinayi.

Kusowa nthawi kumasintha munthu. Khosi limauma, cholembera chimanjenjemera, ndipo lamulo likuti popeza pali masekondi 30 owonjezera, kulemba sikuima. Maso amayamba kuona mizere yowongoka yokha, ya rook, ya bishopu, ya mfumukazi. Chida chimene chimasowa m'maso poyamba ndi hatchi, chifukwa imayenda mokhota ndipo imalumpha. Mafumukazi atachoka pa bolodi, bamboyo wapumira m'mwamba, wasuntha bishopu wake kupita pa kabokosi kopanda womuteteza, wadina wotchi, ndipo dzanja lisanabwerere waona. Hatchi yoyera yalumphira pakati, yapereka check kwa mfumu uku ikuloza bishopu. Mfumu iyenera kuthawa. Bishopu wapita.

Tsopano zatembenuka: zida zafanana, ndipo mwana ali ndi ma pawn awiri apamwamba. Apa m'pamene zaka za bamboyo zikuonekera, ndipo tiyenera kumupatsa ulemu wake. Ambiri akalakwa chonchi amalakwanso pompo, mtima ukadali pa bishopu wotayikayo. Iye wapukuta magalasi, wakhala phee, wayamba kumenya nkhondo ina. Akudziwa kuti wotsalira m'mathero a masewero ayenera kusinthanitsa ma pawn, chifukwa ma pawn akatha palibe chosanduka mfumukazi. Rook wake walowa kumbuyo kwa adani, wadya pawn mmodzi. Ena akutha awiriawiri. Wasuntha, wanena motsitsa mawu kuti, "Tilepherane?" n'kudina wotchi, monga mwa lamulo. Mwanayo wayang'ana bolodi nthawi yaitali, wayankha kuti, "Pepani bambo, ndipitirize kaye." Ali ndi ufulu wonse wotero. Ma rook nawo asinthanitsidwa, ndipo patatha maola anayi, holo itatsala pang'ono kukhala yopanda anthu, pa bolodi patsala zida zitatu.

Mfumu yoyera ili pa e5, pawn wake kumbuyo kwake pa e4. Mfumu yakuda ili pa e7. Wosuntha ndi mtsikanayo.

Oonerera amene anali kutsogolo abwera kuno tsopano, chifukwa masewero ena onse atha, ndipo odziwa akugwedeza mitu: palibe wopambana. Mafumu awiri ayang'anizana, pakati pawo pali kabokosi kamodzi, ndipo malamulo salola kuti ayandikane. Zili ngati anthu awiri okumana pa mlatho wa mtengo umodzi: wina ayenera kupatuka, ndipo mu chesi wopatuka ndi amene nthawi yosuntha ili yake, chifukwa kudumphitsa muvu sikuloledwa. Akanakhala wosuntha ndi bamboyo, mfumu yake ikanapatuka, yoyera n'kulowa, pawn n'kuyenda mpaka kumapeto. Koma wosuntha ndi mwanayo, ndiye wopatuka ndi iye. Kupambana ndi kulepherana kwasiyana pa muvu imodzi yokha.

Tiziwerenge kuyambira pamenepa. 1.Kd5 Kd7, bamboyo wayang'anizananso naye. 2.e5 Ke7 3.e6. Pawn wafika pa mzere wa 6, ndipo mfumu yakuda iyenera kubwerera m'mbuyo. Njira yolondola ndi imodzi: kubwerera molunjika, 3...Ke8. Zikatero 4.Kd6 Kd8 5.e7+ Ke8 6.Ke6, ndipo mfumu yakuda ilibe kopita pamene siili pa check. Imeneyi ndi stalemate, ndipo chigoli amagawana. Mphunzitsi wathuyu zimenezi amazidziwa. Mwina waphunzitsapo ana a kalabu ya pa sukulu pake. Koma wakhala pa mpando maola anayi, sanadye chamasana, wotchi ikuonetsa masekondi 40, ndipo diso lake lili pa mfumu yoyera imene ili pa mzere wa d. Dzanja latsata diso. 3...Kd8.

4.Kd6. Tsopano oyang'anizana ndi omwewo, koma wopatuka ndi iye. 4...Ke8 5.e7, pawn wafika pa mzere wa 7 popanda check, ndipo kabokosi kokha kotsala ndi f7. 5...Kf7 6.Kd7. Palibenso choletsa mfumukazi yatsopano. Bamboyo waimitsa wotchi, watambasula dzanja.

Wina akhoza kunena kuti awa ndi masewero oipa, odzaza zolakwa, ndipo akaika mu Stockfish, pulogalamu imene ili m'mafoni a osewera ambiri masiku ano, mzere wake woonetsa amene ali patsogolo ukwera ndi kutsika katatu. Ine sindigwirizana naye. Kompyuta ikuuza kuti 8.Qxd4 ndi yolakwika, koma sidziwa kanthu za maola awiri amene mwana uja anakhala ali wotsalira osataya mtima, kapena za bambo amene atataya bishopu anakoka masewero otayika mpaka kufika pa muvu imodzi kuti apulumuke. Pakati pa osewera a 1600 ndi 1800, mwayi umabwera kwa onse awiri, kawirikawiri kangapo. Luso limene likuyesedwa ndi loti munthu akhalebe maso pamene mwayi wake ukufika, ndiponso asagone pamene zinthu zikumuyendera. Luso limeneli silipezeka m'mabuku a katsegulidwe amene osewera ambiri amathera nthawi yawo. Ola limodzi lobwereza mathero a mfumu ndi pawn likanamupatsa bamboyo theka la chigoli, ndipo chizolowezi chokhazika manja pansi pa tebulo buku likatha chikanamusungira mwanayo bishopu wake.

Asayina mapepala onse awiri, 1–0, apereka kwa woyang'anira. Kenaka achita chinthu chimene ndikanakonda chisathe, ngakhale mafoni akuchidya pang'onopang'ono: atuluka panja, ayala bolodi pa khonde, abwereza masewero onse limodzi. Bamboyo akumuonetsa 8.Bd5 ndi kumuuza dzina la msampha uja. Mwanayo akufunsa mwaulemu kuti, "Nanga apa mukanabisa mfumu msanga, ine ndikanatani?" ndipo onse awiri akuona kuti akanasowa chochita. Wogonja akuphunzitsa wopambana, ndipo palibe chachilendo pamenepo, chifukwa pa zinthu zambiri bamboyo akadali wodziwa kuposa mwanayo.

Zotsatira zikatumizidwa ku FIDE, mndandanda wa pa 1 mwezi wotsatira udzaonetsa kusintha. Pa masewero awa okha bamboyo wataya 14.2, ndipo mtsikanayo, ndi K wake wa 40, wapeza 28.4. Izo n'zam'tsogolo. Lero lomwe pali gawo lina, ndipo mipikisano yambiri ya masiku ano, kuphatikizapo imene bungwe la Chess Association of Malawi limachititsa, imayenda mwa njira yotchedwa Swiss: palibe wotuluka, koma gawo lililonse kompyuta imakumanitsa anthu a zigoli zofanana. Wopambana amakwera matebulo, wogonja amatsika. Pepala latsopano likamamatidwa pa khoma, mtsikanayo apeza kuti wasunthira kutsogolo, kukakumana ndi wa 1900 amene wamva kale kuti mwanayu sagonja msanga. Bamboyo watsikira kufupi ndi chitseko, kumene akumudikira mnyamata wa pulayimale wa 1450, ndipo ali ndi mphindi 40 zoti apeze chakudya.